Mwana wanu akufuna kupanga mawebusaiti? Mpezereni buku lomugwiritsa ntchito

Ngati pakhomo panu pali mwana amene walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira, mwina mwamumvapo akunena kuti akufuna kuphunzira kupanga mawebusaiti. Chotsatira chake mukuchidziwa: amapempha ndalama ya bandulo kuti aonere mavidiyo ophunzitsa pa YouTube. Mwezi umatha, ndalama n'kupita, koma mukamuuza kuti akuonetseni chimene wapanga, palibe choloza.

Musafulumire kumunena kuti ndi waulesi kapena kuti amangocheza pa WhatsApp. Nthawi zambiri vuto limakhala kaphunziridwe. Munthu akamaonera katswiri akugwira ntchito, zonse zimaoneka zophweka ndipo amadzimva ngati nayenso wadziwa, chonsecho manja ake sanagwirepo kanthu. Ife ogwira ntchito m'zipatala timazidziwa bwino zimenezi. Ukhoza kuloweza mutu wonse wonena za kasokedwe ka bala, koma tsiku loyamba kugwira singano manja amanjenjemera.

Pali mabuku ophunzitsa kupanga mawebusaiti amene analembedwa moganizira vuto limeneli. Kuyambira m'mitu yoyambirira amamuuza wowerenga kuti ayatse kompyuta alembe, ndipo akamafika kumapeto amakhala atamanga webusaiti yeniyeni yoti anthu ena n'kuitsegula pa foni zawo. Kuphunzira kuchokera m'buku n'kupanga chinthu chogwirika si nkhani yachilendo kuno kwathu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, ankabwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya m'dera lake. Buku lotchedwa Using Energy ndi limene linamuonetsa makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga ake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zipangizo za njinga ndi zitsulo zotola. Bukulo linamupatsa nzeru, koma magetsi anayaka chifukwa iye anagwira ntchito ndi manja.

Kodi webusaiti imagwira ntchito bwanji?

Kuti muthe kumuthandiza mwana wanu, ndi bwino mudziwe pang'ono chimene akufuna kumanga. Mukatsegula tsamba la pa intaneti, pamakhala makina awiri amene akulankhulana. Mbali imodzi ndi foni kapena kompyuta yanu, yomwe ili ndi pulogalamu yotsegulira masamba yotchedwa browser, monga Chrome kapena Firefox. Mbali inayo ndi kompyuta ina imene ili kutali, yosazimitsidwa usana ndi usiku, yomwe imatchedwa seva. Browser imatumiza pempho, seva imafufuza chimene mwapempha n'kuyankha. Zili ngati pawindo lolandirira mankhwala: mumapereka buku lanu, wa m'kati amawerenga, n'kukupatsani zimene zalembedwamo. Seva ikapanda kupeza tsamba lomwe mwapempha, imabweza nambala 404, imene ambiri mwaionapo.

Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee wa ku Britain, yemwe ankagwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva. Analemba maganizo ake mu 1989, ndipo mu 1993 CERN inalola kuti aliyense agwiritse ntchito lusoli popanda kulipira. N'chifukwa chake mpaka lero mwana wa ku Ntcheu kapena ku Chitipa safunika chilolezo cha munthu aliyense kuti alembe tsamba lake.

Tsamba lomwe mumaona limapangidwa ndi zilankhulo zitatu. Choyamba ndi HTML, chimene chimanena kuti ichi ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. Mwachitsanzo, munthu akalemba <h1>Masiku a sikelo</h1>, browser imaonetsa mawuwo ngati mutu wa zilembo zikuluzikulu. Chachiwiri ndi CSS, chimene chimasankha mitundu, kukula kwa zilembo ndi kayalidwe ka tsamba kuti lioneke bwino pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Chachitatu ndi JavaScript, chimene Brendan Eich anapanga mu 1995, ndipo ndi chimene chimachititsa kuti tsamba lichitepo kanthu mukadina batani.

Webusaiti yongowerenga, monga yonena za maola amene sitolo imatsegula, imatheka ndi zitatuzi. Koma webusaiti imene munthu amalembetsa dzina, kulowa ndi nambala yachinsinsi kapena kutumiza lipoti imafuna zina ziwiri: pulogalamu yogwira ntchito pa seva, ndi database, yomwe ndi nkhokwe yosungira zonse zolembedwa mwadongosolo. Inu odzipereka pa ntchito za umoyo m'midzi, ntchito yanu imakhudzana kale ndi zimenezi. Ziwerengero za mwezi ndi mwezi zochokera m'zipatala za m'dziko muno zimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu imene inapangidwa motsogoleredwa ndi University of Oslo ya ku Norway. Nayonso imatsegulidwa pa browser, imalankhula ndi seva, ndipo imasunga zinthu mu database.

Mabuku amene amamangitsa chinthu

Woyamba kumene ayambe ndi HTML ndi CSS. Buku la Jon Duckett lotchedwa HTML and CSS: Design and Build Websites, lomwe linatuluka mu 2011, limaonetsa zimene munthu walemba pambali pa chithunzi cha momwe zionekere, choncho ngakhale amene Chingerezi chimamuvuta amatsatira. Popeza ndi lakale, njira zatsopano zoyalira tsamba mulibemo, ndipo wophunzira ayenera kuzipeza pa MDN Web Docs, malo aulere ofotokoza za lusoli amene anayambitsidwa ndi Mozilla.

Pa JavaScript pali Eloquent JavaScript la Marijn Haverbeke, lomwe mwini wake analiika pa intaneti kuti aliyense awerenge mwaulere. Ndi lozama ndithu, ndipo si bwino kuyamba nalo tsiku loyamba.

Wofuna kupanga webusaiti yokhala ndi database, ambiri amadzera ku chilankhulo cha Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Buku la Eric Matthes lotchedwa Python Crash Course lili ndi zigawo ziwiri. Gawo loyamba limaphunzitsa maziko, lachiwiri lili ndi ntchito zitatu zoti wowerenga apange: sewero la pa kompyuta, kujambula ziwerengero, ndi webusaiti yosungiramo zimene munthu akuphunzira. Palinso Automate the Boring Stuff with Python la Al Sweigart, lomwe limawerengedwa mwaulere pa intaneti. Ili silikamba kwambiri za kumanga mawebusaiti, koma limazoloweretsa munthu kulemba mapulogalamu othetsa mavuto enieni a mu ofesi.

Akadziwa Python pang'ono, akhoza kutenga Django for Beginners la William S. Vincent. Django ndi zida zokonzeratu zomangira mawebusaiti, zimene Adrian Holovaty ndi Simon Willison anayamba kupanga mu 2003 pa nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas m'dziko la America, ndipo zinaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Instagram inamangidwa pa zida zomwezi. Bukuli limayamba ndi tsamba la mawu ochepa chabe, kenako bolodi la mauthenga, mpaka kufika pa webusaiti ya nyuzipepala imene anthu amalembetsa, kulowa ndi kulemba nkhani. Ntchito iliyonse imabwereza zimene munthu waphunzira kale n'kuwonjezerapo chatsopano.

Musanagule kapena kubwereka buku lililonse, yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, tsegulani tsamba la zamkatimu muone ngati muli ntchito zoti wowerenga amange, osati matanthauzo a mawu okhaokha. Chachiwiri, onani ngati likufotokoza kaikidwe ka webusaiti pa intaneti, chifukwa mabuku ena amamusiya munthu ntchito yake ili pa kompyuta yake yokha. Chachitatu, onani chaka. Mabuku a kaunjika ogulitsidwa m'mbali mwa msewu amakhala otsika mtengo, koma ena amaphunzitsa Python 2, imene eni ake anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Wophunzira wa lero afunika Python 3. Django nayo imatulutsa mtundu watsopano pafupifupi miyezi 8 iliyonse, choncho mwana aike pa kompyuta mtundu womwe buku lake likunena, apo ayi zolembedwa m'buku ndi zooneka pa sikirini zidzasiyana ndipo adzagwa ulesi.

Buku lotere siliwerengedwa ngati nthano

Buku la mapulogalamu limawerengedwa kompyuta ili yoyaka. Mzere uliwonse umene uli m'buku, wophunzira aulembe yekha pa kiyibodi. Kukopera ndi kumata kumafulumira, koma kumamana zala ndi maso mwayi wozolowera tizizindikiro ting'onoting'ono timene kompyuta siikhululuka munthu akatiiwala.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Pamene ndinkaphunzira Python madzulo ndikaweruka ku ntchito, ndinataya usiku wonse pa pulogalamu imene inkakana kugwira ntchito. Ndinawerenga mutu wonse kawiri, ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti buku ndi limene linalakwitsa. M'mawa ndinapeza kuti mzere umodzi ndinauyambira kumayambiriro kwenikweni m'malo mosiya kampata kutsogolo kwake. Mu Python kampata kameneko kali ndi tanthauzo. Chondichititsa manyazi n'chakuti kompyuta inali itandiuza kale vutolo ndi nambala ya mzere womwe, koma nditaona chimulu cha mawu a Chingerezi pa sikirini ndinachita mantha osawerenga. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga uthenga wa vuto kuyambira pansi, chifukwa mu Python mzere womaliza ndi umene umatchula dzina la vutolo. Mwana wanu akakuuzani kuti zakanika, mufunseni ngati wawerenga zimene kompyuta yamuuza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akamaliza mutu, atseke buku n'kuyesa kupanganso ntchito yomweyo pamtima. Pamene wakakamira ndi pamene sanamvetse. Akatero asinthe chitsanzo cha m'buku kuti chikhale cha kwawo. Ngati buku lamanga bolodi la mauthenga, iye apange tsamba lonena za masiku a sikelo ya ana ndi katemera m'midzi yozungulira, kapena mitengo ya mbewu pa msika, kapena ndandanda ya mapemphero ndi misonkhano ya mpingo. Apa ndi pamene amakumana ndi mafunso omwe buku silinayankhe, ndipo kufunafuna mayankho ake ndiye kuphunzira kwenikweni.

Atsatire buku limodzi mpaka alimalize. Ambiri amayamba mabuku anayi nthawi imodzi ndipo onse amawasiyira pa mutu wachitatu. Ola limodzi tsiku lililonse limapindula kuposa kukhala pa kompyuta Loweruka lonse kenako n'kusiya milungu iwiri.

Masiku ano mapulogalamu monga ChatGPT amatha kulemba tsamba lonse munthu akangowapempha. Angathandize kufotokoza uthenga wa vuto umene wophunzira sakuumva. Koma nawonso amalakwitsa, ndipo munthu amene sanaphunzire maziko sangadziwe pamene alakwitsa. Lamulo labwino ndi lakuti asaike mu ntchito yake mzere umene sangathe kuufotokoza.

Zofunika kukhala nazo

Sipafunika kompyuta yodula. Laputopu yakale imene imayaka ndipo kiyibodi yake ndi yabwino ndi yokwanira. Pa HTML ndi CSS, intaneti siifunika n'komwe. Mwana atsegule Notepad, alembe mizere yake, asunge fayiloyo ndi dzina loti index.html, kenako aidine kawiri, ndipo idzatseguka mu browser ngati tsamba. Python ndi Django ndi zaulere ndipo bandulo imafunika pozikopera koyamba. Zikalowa, kompyuta yake yomweyo imagwira ntchito ngati seva yoyeserera. Akalemba lamulo loyatsira seva n'kutsegula adiresi ya 127.0.0.1:8000, amaona tsamba lake ngakhale alibe mayunitsi, chifukwa adiresi imeneyi imatanthauza kompyuta yomwe akugwiritsa ntchitoyo. Apa buku limaposa vidiyo: silidya bandulo, ndipo magetsi akazima munthu amapitiriza kuwerenga n'kulemba mizere yake mu kope kuti adzaiyese akayaka.

Foni yokha imathandiza powerenga, koma kulemba mapulogalamu pa foni n'kotopetsa. Ngati pakhomo palibe kompyuta, ana awiri kapena atatu akhoza kugawana imodzi, wina akulemba wina akuyang'ana zolakwika, kenako n'kusinthana. Asunge ntchito yake pa fulashi komanso aphunzire Git, pulogalamu imene Linus Torvalds anapanga mu 2005, yomwe imasunga mbiri ya zonse zimene munthu wasintha kotero kuti akawononga akhoza kubwerera pomwe zinali bwino.

Kuti anthu ena aione webusaiti, iyenera kuikidwa pa seva ya pa intaneti. Masamba a HTML, CSS ndi JavaScript okha akhoza kuikidwa mwaulere pa GitHub Pages. Webusaiti yokhala ndi database imafuna seva yoyendetsa pulogalamu, ndipo nthawi zambiri imeneyi imalipiridwa. Dzina lakelake la webusaiti, monga lothera ndi .mw kapena .com, limalipiridwa chaka ndi chaka. Musawononge ndalama pa dzina mwana asanamalize ntchito yoti aikepo.

Zinsinsi za anthu si zoyeserera

Pano ndilankhule makamaka kwa inu amene mumasunga makaundula a m'mudzi. Mwana akaphunzira kupanga fomu ndi database, maganizo oyamba amakhala oti akuthandizeni kulowetsa kaundula wanu mu kompyuta. Cholinga n'chabwino, koma musamupatse. Mayina a amayi oyembekezera, a anthu omwa mankhwala otalikitsa moyo kapena a TB sayenera kulowa mu webusaiti ya munthu amene akungophunzira. Ayeserere ndi mayina opeka.

Chifukwa chake n'chakuti webusaiti ikhoza kuoneka bwino kunja koma ili ndi ziboo. Wophunzira akhoza kusunga manambala achinsinsi a anthu momwe alili m'malo mowabisa. Akhozanso kusiya mpata woti munthu wachipongwe alembe lamulo la database m'kabokosi kolembamo dzina n'kutulutsa zonse zimene zasungidwa, chinyengo chodziwika bwino chotchedwa SQL injection. Akhoza kuiwala HTTPS, njira imene imabisa zomwe zikuyenda pakati pa foni ndi seva. Django imateteza ku ena mwa mavutowa munthu akaigwiritsa ntchito moyenera, ndipo buku labwino limakhala ndi gawo la chitetezo lomwe siliyenera kudumphidwa. Komabe nkhani ya matenda a munthu ikatuluka siibwezeka, ndipo ikhoza kuthetsa banja kapena kumusiyitsa munthu mankhwala. Dziko lino lilinso ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limateteza zinsinsi za anthu kuphatikizapo za umoyo wawo. Tsamba lonena tsiku, malo ndi nthawi ya sikelo lilibe vuto. Tsamba lokhala ndi dzina la wodwala ndi nkhani ina.

Samalaninso thupi la wophunzira

Kuyang'anitsitsa sikirini kumachepetsa kuphethira, ndipo maso amauma, amawawa, nthawi zina mutu umapweteka. Mphindi 20 zilizonse ayang'ane chinthu chakutali pafupifupi mamita 6 kwa masekondi 20. Akhale pampando laputopu ili patebulo, osati chogona pabedi, ndipo azidzuka kuwongola miyendo. Mabandulo a usiku amakopa chifukwa chotsika mtengo, koma mwana wosagona mokwanira sagwira zimene akuphunzira. Akopere zofunika nthawi imodzi, n'kukagona. Ngati maso akupitirira kuwawa kapena sakuona bwino zilembo, mupite naye ku chipatala akamuyeze maso.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda?

Simufunika kudziwa HTML kuti muone ngati mwana akupita patsogolo. Kumapeto kwa sabata iliyonse khalani naye pansi akuonetseni chimene wapanga. Mufunseni kuti chatsopano n'chiyani poyerekeza ndi sabata yatha. Muuzeni asinthe mtundu wa mutu wa tsamba kapena awonjezere dzina la mudzi wanu inu mukuona. Amene analemba yekha amachita zimenezi m'mphindi zochepa, pamene wokopera amasowa pogwira. Mufunseninso vuto limene linamuvuta kwambiri ndi momwe analithetsera. Mwana amene sakumana ndi vuto lililonse ndiye kuti sakulemba.

Pa nkhani ya ntchito tisanamizane. Kumaliza buku limodzi sikupereka ntchito, ndipo sikulowa m'malo mwa maphunziro a ku koleji. Chimene kumapereka ndi umboni. Wachinyamata amene angathe kutumiza adiresi ya webusaiti yomwe anamanga yekha, kaya ya sukulu ya m'dera, ya gulu la alimi kapena ya kabizinesi ka azakhali ake, ali ndi choonetsa kwa wofuna kumulemba ntchito. Amadziwanso msanga ngati ntchitoyi amaikondadi musanamulipirire fizi ya zaka zinayi. Ana aakazi musawasiye m'mbuyo. Gulu la Django Girls, lomwe linayamba mu 2014 ku Berlin, lili ndi phunziro laulere pa intaneti lomwe limamutenga munthu wosadziwa kalikonse mpaka kuika webusaiti yake yoyamba poyera, ndipo aliyense akhoza kulitsatira.

Ndiye mwana akadzabweranso kudzapempha ndalama ya bandulo, gwirizanani naye kaye. Asankhe buku limodzi, atchule webusaiti imodzi yothandiza anthu a m'dera lanu imene akufuna kumanga, ndipo mugwirizane tsiku la sabata limene azikuonetsani pomwe wafika. Loweruka loyamba mwina mudzangoona mutu umodzi ndi ndime imodzi pa tsamba loyera. Muyamikireni, kenako mumufunse chimene awonjezere sabata yamawa.